Chipewa cha wodwala khansa: mizere kunja, kusalala mkati

Mankhwala a khansa olowa m'thupi kudzera m'diripi, amene ambiri amangowatchula kuti kemo, amapha maselo amene akuchulukana mofulumira, chifukwa umo ndi mmene khansa imakulira. Tsoka lake n'lakuti m'thupi muli maselo ena osalakwa amene nawonso amachulukana mofulumira: a m'kamwa, a m'matumbo, a m'mafupa momwe magazi amapangidwira, ndi a m'mizu ya tsitsi. N'chifukwa chake pakatha milungu iwiri kapena itatu chilandirireni mankhwala oyamba, wodwala amayamba kupeza tsitsi pa pilo, m'chipeso ndi m'beseni losambira. Kwa ena limathothoka lonse, nsidze zomwe. Limadzameranso, kawirikawiri pakapita miyezi 3 mpaka 6 mankhwala atatha, koma popeza chithandizocho chimatenga miyezi ingapo, munthu angathe kukhala theka la chaka kapena kupitirira mutu uli pamtunda. Apa ndi pamene chipewa choluka pamanja chimapezera ntchito. Ndikuona kuti ntchitoyi ndi yoyenera kuigwira, ndipo amayi athu odziwa kuluka ali nalo kale luso lake. Koma chipewa chotere chili ndi malamulo ake, ndipo amene sawatsata angathe kupereka mphatso yolasa munthu amene ali kale pa ululu.

Khungu la pamutu lomwe lataya tsitsi chifukwa cha mankhwala silifanana ndi la munthu amene wameta mpala mwa kufuna kwake. Limauma, limayabwa, ndipo masiku amene tsitsi likuthothoka limawawa ngakhale kungolikhudza. Chinthu chimene mutu watsitsi sungachimve n'komwe, monga msoko wokhuthala kapena kamfundo ka ulusi, pa khungu ili chimasiya chizindikiro ndipo chingamulande munthu tulo. Tsitsi limatchinganso mphepo ndi dzuwa. Ganizirani usiku wa mu June kapena July, chiperoni chitakuta Blantyre, munthu amene waonda ndi matenda atagona m'wodi kapena akudikira minibasi ya m'bandakucha yobwerera kwawo ku Thyolo kapena ku Dedza. Mu October vuto limatembenuka: khungu lomwe linazolowera kutchingidwa ndi tsitsi limapsa msanga, ndipo mankhwala ena a kemo amalipangitsa kupsa msanga kuposa kale. Chipewa sichichiza khansa, koma chimachotsa kuzizidwa, kupsa ndi kunyuka, zomwe ndi zowawa zenizeni.

Palinso ululu wina umene suoneka pakhungu. Kwathu kuno mutu wometa uli ndi tanthauzo: m'madera ambiri kumeta kumatsatira maliro, ndipo m'zaka zimene Edzi inkapululutsa anthu, tsitsi lopyapyala ndi lothothoka linali chimodzi mwa zinthu zimene anthu ankalozerana nazo mnzawo kumbali. Maganizo amenewo sanatheretu. Mayi amene tsitsi latha amadziwa kuti akalowa mumsika kapena m'tchalitchi, mutu wake ulengeza matenda iye asanatsegule pakamwa, ndipo anthu ayamba kumuweruza kapena kumulira akali moyo. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wasonyeza mobwerezabwereza kuti amayi ambiri amaika kuthothoka kwa tsitsi pakati pa zowawa zazikulu za kemo, ndipo alipo ena amene amazengereza kuyamba mankhwala chifukwa choopa zimenezi. Munthu ali ndi ufulu wosankha yemwe akufuna kumuuza za matenda ake, ndi nthawi yomuuzira. Chipewa chabwino chimamubwezera ufulu umenewo.

Wina anganene kuti zonsezi n'zakunja, kuno tili ndi duku. N'zoona kuti duku ndi chuma chathu, ndipo mayi wovala duku palibe amamuyang'ana kawiri. Koma duku limagwira chifukwa cha tsitsi. Pa mutu wosalala limatsetsereka, ndipo kuti likhale pamafunika kulimanga molimba, mfundo yake n'kumakanikiza khungu lomwe likuwawa kale. Kugona nalo n'kovuta. Komanso kumanga duku kumafuna manja awiri okwezedwa m'mwamba ndi zala zomva bwino. Mayi amene wachitidwa opaleshoni ya bere amavutika kukweza mkono kwa nthawi ndithu, ndipo mankhwala monga paclitaxel ndi vincristine amachititsa dzanzi m'zala. Ndiye pali abambo ndi ana, amene duku si chovala chawo. Za zipewa za pa kaunjika, zina ndi zabwino ndithu, koma zambiri zinapangidwira mitu yatsitsi ya kumaiko ozizira: ubweya wankhosa woyabwa, msoko wokhuthala kumbuyo, kachikwangwani ka fakitale kosokedwa mkati. Chipewa choluka mwadala sichilimbana ndi duku. Ambiri angachivale usiku ndi pakhomo, kapena kuchivala pansi kuti duku lipeze pogwira.

Nanga bwanji kuvutika kuluka chipewa chokhala ndi mizere yotumphuka, pamene chipewa chosalala chimatha msanga ndipo sichidya ulusi wambiri? Funsoli ndi lomveka, makamaka kwa gulu limene likufuna kuluka zipewa zambiri ndi ndalama zochepa. Yankho lili pa chimene tsitsi limachita pa maonekedwe a munthu. Tsitsi limaupatsa mutu thupi. Chipewa chopyapyala chomata pa mutu wadazi chimaonetsa chigaza chonse mmene chilili, ndipo aliyense wochiona amadziwa kuti pansi pake palibe kanthu. Chipewa chokhala ndi mizere yotumphuka, ngati mizere ya m'munda wolimidwa kumene, chimabwezera thupi lija, ndipo diso la woona limagwera pa luso la malukidwe. Chimaoneka ngati chipewa chimene munthu aliyense angagule chifukwa wachikonda, ndipo izi n'zimene odwala ambiri amafuna: chovala chosanena za chipatala. Mizereyo ilinso ndi phindu lina. Imachititsa chipewa kutamuka ndi kubwerera, motero chimagwira mutu popanda lamba kapena lasitiki, ndipo timipata ta pakati pa mizere timasunga mpweya wofunda.

Koma kukongola komweku ndi kumene kumasokeretsa oluka ambiri, ndipo pano m'pofunika kukhalapo pang'ono. Lamulo ndi lakuti chotumphuka chilichonse chikhale kunja. Oluka ndi singano ya ngowe amadziwa kalukidwe kamene ngowe imazungulira thupi la sitichi ya mzere wapansi kuchokera kutsogolo, m'malo molowa pamutu pake. Kalukidwe aka kamakankhira mzere kunja, mkati n'kutsala mopanda zolasa, ndipo n'kamene kamayenera chipewa chotere. Timipira tolimba timene timakongoletsa zipewa za makanda tikhale kutali, chifukwa munthu akagona chammbali timamudinda. Malukidwe a maenje, onga a tinsalu toyala pa mipando, nawonso sayenera: khungu limaonekera, dzuwa ndi mphepo zimalowa, cholinga chonse n'kutayika. Chipewa chilukidwe mozungulira kuyambira pa liwombo kuti chisakhale ndi msoko. Polumikiza ulusi watsopano pasamangidwe mfundo. Nsonga zake zilowetsedwe m'masitichi mpaka zitabisika. Mikanda, mabatani ndi maluwa osokerera zisiyidwe, kapena zikhale pomwe ulusi wozisokera sufika mkati. Chipewa chikatha, wolukayo achitembenuze, achikhudzitse pakhosi pake kapena mkati mwa mkono. Chikamuyabwa iye amene ali bwino, kwa wodwala chikhala minga.

Miyeso yake si yovuta. Mutu wa munthu wamkulu umazungulira masentimita 54 mpaka 58, ndipo wopanda tsitsi umachepako pang'ono. Chipewa chizichepa ndi masentimita 3 mpaka 5 poyerekeza ndi mutu, kuti chikatamuka chigwire. Wolukayo amayamba ndi kabwalo ka pamwamba, n'kumaonjezera masitichi mpaka kabwaloko katafika masentimita 16 kapena 17 m'mimba mwake, kenaka amasiya kuonjezera n'kumangotsika. Kutalika kwake kufike masentimita 20 mpaka 22, chifukwa chipewa cha wodwala chiyenera kuphimba makutu ndi kutsika mpaka pankhongo, pomwe tsitsi limathera. Chikalekeza pamwamba chimaulula chomwe chimafuna kubisa. Mpira umodzi wa ulusi wa magalamu 100 kawirikawiri umakwanira chipewa chimodzi.

Ulusi ndiwo umagamula zonse. Wa thonje wofewa ndi wabwino kwambiri pa nyengo yathu chifukwa umapitisa mpweya ndipo umamwa thukuta. Kwa wodwala wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, chipewa chokhuthala cha akiriliki ndi chilango. Akiriliki wofewa, uja amalukira zovala za makanda, ndi woyenera miyezi yozizira ndipo amachapika mosavuta. Ubweya wankhosa upewedwe. Ku America, bungwe la Knots of Love, limene linayamba mu 2007 ku California ndipo limagawa zipewa zoluka kwa odwala khansa, lili ndi mndandanda wa mitundu ya ulusi imene limavomereza, ndipo limapempha oluka kuti asapatuke pa mndandandawo. Ena angaone ngati ndi mwano kuikira malamulo munthu wopereka mwaulere. Ine ndikuona kuti bungwelo linamvetsa bwino kuti mwini nkhani ndi wovala. Ukhondo nawonso suli wongokometsera. Kemo amatsitsa asilikali a m'magazi, makamaka pakati pa masiku 7 ndi 14 chilandirireni mankhwala, ndipo nthawi imeneyo kachilombo kakang'ono kangamugoneke munthu m'chipatala. Fungo la sopo wonunkhira, la utsi wa nkhuni kapena la fodya limadzutsa mseru kwa munthu amene akuvutika kale ndi kusanza. Chipewa chichapidwe ndi sopo wopanda fungo, chiume bwinobwino padzuwa, ndipo chilichonse chiikidwe m'kajumbo kake koyera.

Chitsutso chachikulu ndi ichi: m'dziko limene amayi akufa ndi khansa ya khomo la chiberekero pa mlingo umene uli pakati pa milingo yoipitsitsa pa dziko lonse, kodi si kuseweretsa nthawi kukamba za zipewa? Kwa ana nakonso zinthu n'zovuta: bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira safika 30. Zifukwa zake n'zodziwika: kufika mochedwa kuchipatala, kusowa kwa mankhwala, ndi mabanja kusiyira chithandizo panjira chifukwa ndalama ya thiransipoti yatha. Banja limene likuchokera ku Mangochi kupita ku Queen Elizabeth Central Hospital, kapena ku Kasungu kupita ku Kamuzu Central Hospital, likafunsidwa kusankha pakati pa chipewa ndi ndalama ya basi, lisankha basi, ndipo likhala litasankha bwino. Chitsutsochi ndi choona ndipo sichiyenera kuchepsedwa. Gulu limene lili ndi ndalama liyambe ndi thiransipoti ndi chakudya, lilimbikitse amayi kukayezetsa khomo la chiberekero ndi atsikana kulandira katemera wa HPV, amene Malawi inayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Koma mayi wodziwa kuluka amene alibe ndalama, ali ndi maola a madzulo ndi luso m'manja. Kumuuza kuti asaluke sikuonjezera ngakhale tambala pa thumba la basi. Ndipo chisamaliro cha wodwala sichithera pa mankhwala. Malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima alipo chifukwa madokotala ndi anamwino anaona kuti kuchepetsa ululu ndi kusunga ulemu wa munthu ndi mbali ya chithandizo.

Chimene chitsutsochi chimatiphunzitsa n'chakuti tiluke mwanzeru. Si wodwala khansa aliyense amene amataya tsitsi. Cisplatin, amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa khansa ya khomo la chiberekero, kawirikawiri amangolipyapyalitsa, ndipo chithandizo chowotcha ndi makina chimathothola tsitsi pamalo pokhapo pomwe chalunjika. Amene amalithothola kwambiri ndi monga doxorubicin, mankhwala ofiira aja, cyclophosphamide ndi paclitaxel, omwe amaperekedwa pa khansa ya m'mawere, pa khansa za m'timisempha ta chitetezo cha thupi, ndiponso pa Kaposi sarcoma imene imagwira abambo ambiri. Ana odwala Burkitt lymphoma, khansa imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958 ndipo ndi yofala pakati pa ana a kuno, nawonso amalandira ena mwa mankhwalawa. Choncho mulu wa zipewa za pinki zokhazokha za muyeso umodzi usiya anthu ambiri kunja. Pafunika zakuda, zabuluu, zotuwa ndi za khofi za abambo, ndi zing'onozing'ono zowala za ana.

Amayi a Mvano, a Dorika, a Chikatolika, a Dawa ndi magulu ena amene amakayendera kale odwala atanyamula sopo ndi shuga, inu ndi amene mungaigwire bwino ntchitoyi. Musanagule ulusi, tumani mmodzi akaonane ndi sisitala woyang'anira wodi ya khansa, amufunse ngati amalandira zipewa, miyeso imene ikusowa ndi mmene akufuna kuti zifikire. Mukazibweretsa, zisiyeni m'manja mwa anamwino kuti wodwala asankhe yekha chimene wachikonda, kapena akane ngati sakufuna, ndipo musamujambule atavala kuti mukaonetse pa Facebook. Lukani ziwiri pa munthu mmodzi, kuti china chikachapidwa akhale nacho chovala.