Kodi mumadziwa? Pikapu yakale nayo ingazizire m'kati

Aliyense amene anakwerapo Hilux yakale kuchoka ku Fíngoè, likulu la boma la Marávia, kutsikira ku Tete mu Okutobala, amadziwa kuti kumeneko kutentha kumapyola madigiri 40. Mapikapu ambiri akale anabwera opanda makina oziziritsa mpweya, ngakhale kampani ya Packard ya ku America inayamba kuwaika m'magalimoto mu 1939. Makinawa makaniko akhoza kuwaikamo lero.

Kompuresa ya makinawa amaimangirira pa injini ndipo imazungulira ndi lamba. Kondensa imakhala kutsogolo kwa radiyeta, ndiye radiyeta yotopa imayamba kuwira, makamaka pokwera mapiri. Fumbi la m'misewu yadothi nalonso limatseka kondensayo, choncho imafuna kutsukidwa pafupipafupi.

Chenjerani ndi zida zakale zogula pamsika. Zambiri zinkagwiritsa ntchito gasi wa R-12, amene mayiko anagwirizana kumusiya mu pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa amawononga ozoni. Masiku ano amathira R-134a, yemwe sagwirizana ndi oyilo wa m'zida zakalezo. Mukapanda kutsuka mapaipi, kompuresa siikhalitsa.