Mbale ya matabwa awiri: sankhani mitundu musanayatse makina

Mbale zamatabwa zimene zimakoka maso pa Facebook kapena pamsika wa ziboliboli kawirikawiri sizikhala za mtengo umodzi. Mmisiri amamata matabwa awiri kapena atatu ndi guluu, kenako n'kuika chipikacho pa makina a lathe kuti chizizungulira iye akusema. Akaphonya posankha mitundu, ntchito ya masiku atatu imatuluka ngati chitenje chosuluka, wogula n'kungodutsa.

Choyamba, thabwa limodzi likhale mfumu, linalo nduna. Mlombwa ndi mbawa yonse ndi yofiirira, ndiye mukaiphatikiza imangomezana. Koma mbale ikakhala ya mlombwa, kamzere kowonda ka malaina, thabwa loyererako lija, kamaonekera patali. Phingo ndi wakuda bii, ndipo safuna kuchulutsa. Mkombero wa pamlomo kapena kogwirira pa chivundikiro, basi zakwana.

Kuumira phingoku kuli ndi chifukwa china. Mtengowu umatenga zaka makumi ambiri kuti ukhwime, ndipo kuyambira 2017 malonda ake a kunja kwa dziko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Mlombwa ndi mbawa inalowa pamndandandawo mu 2023. Choncho tizidutswa totsala kwa akalipentala musationere pansi, timakwana bwinobwino kupangira mizere.

Chachiwiri, mtundu umene mukuona lero si umene udzakhalepo mawa. Mafuta ndi vanishi zimadetsa thabwa, ndipo mbawa imanka niderako ikamaona kuwala. Pakani timadzi pa tizidutswa tiwirito mutatigundanitsa, muona pafupifupi momwe tidzaonekere mukamaliza. Mukakayikabe, tijambuleni pa foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Ngati tikuoneka tofanana, sinthani kamodzi.

Chachitatu, samalani fumbi. Pokwecha ndi sandipepa, fumbi lofiira la mlombwa limalowa m'timabowo ta thabwa loyera n'kulithimbiriritsa. Muzipukuta pafupipafupi, ndipo mbali yoyera muziikwecha ndi sandipepa wake wake.

Pomaliza, matabwa onse akhale ouma bwino, ndipo mitsempha yake iloze mbali imodzi. Limodzi likakhala laliwisi, lidzanyala m'chilimwe, mbale n'kung'aluka pomwe munamata paja. Wogula amene mbale yamung'alukira pa tebulo alendo akuona sabweranso, ngakhale mitundu itakongola bwanji.