Funso limene dokotala sayenera kuiwala

Anthu akamva kuti ophunzira udokotala amaphunziranso za jenda, amaganiza kuti ndi zija za kumisonkhano ya m'mahotela. Ine nkhaniyi ndimaiphunzitsira m'wodi, pambali pa bedi la wodwala.

Tiyambe ndi likodzo. Aliyense amadziwa za mnyamata wosambira kunyanja amene akukodza magazi, ndipo mabuku athu amafotokoza zomwezo. Koma mwa amayi mazira a tinyongolotsi toyambitsa likodzo amakakhazikikanso kumaliseche ndi pakhomo la chiberekero. Mayi amamva kuyabwa, amatuluka zamadzimadzi zachilendo, nthawi zina amataya magazi akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Dokotala wosakonzekera amangoti ndi matenda opatsirana pogonana, n'kulemba mankhwala, n'kumuuza kuti abwere ndi bambo akunyumba. Kumeneko mlandu wayamba. Mtsikana woti sanadziwepo mwamuna amatchedwa woyendayenda. Chonsecho chimene chimafunika ndi mankhwala a likodzo a praziquantel, komanso funso lalifupi: "Mayi, mumachapira kuti?" Ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, amene amaima m'madzi tsiku ndi tsiku kuchapa ndi kutsuka mbale ndi amayi ndi atsikana. Wophunzira wosadziwa amene amagwira ntchito yanji pamudzi sangaganize n'komwe zofunsa funsoli.

Vuto loiwala amayi pa zachipatala si la kwathu kokha. M'chaka cha 1977, bungwe loyang'anira mankhwala la FDA ku America linalangiza kuti amayi a msinkhu wobereka asamalowe m'magawo oyambirira a kafukufuku wa mankhwala. Lamulo lokakamiza kuti amayi aziphatikizidwa m'kafukufuku wolipiridwa ndi bungwe la NIH la dziko lomwelo linabwera mu 1993. Mu 2013 bungwe la FDA lomwelo linadula pakati mlingo wa zolpidem, mankhwala ogonetsa, kwa amayi, ataona kuti amachedwa kuchoka m'magazi mwawo. Ngakhale mtima ukagwidwa, mayi angathe kufika ndi nseru, kutopa ndi phuma, kupweteka kwa pachifuwa kusali kodziwika bwino.

Abambo nawo zimawapweteka, ndipo izi timazilankhula mochepa kwambiri. TB imapezeka mwa amuna ambiri kuposa akazi, koma amuna amafika kuchipatala matenda atakula. Anakula akumva kuti mwamuna salira, ndipo msodzi kapena wakabaza akakhala pamzere tsiku lonse, kunyumba sikudyedwa.

Pali zinanso zimene wophunzira ayenera kuziyeserera pakamwa mpaka atazolowera. Mayi wabwera ndi dzanja lotupa, mwamuna wake ndiye akuyankha mafunso onse. Dokotala wachinyamata amachita manyazi kunena mwaulemu kuti, "Bambo, tadikirani panja pang'ono." Popanda mawu amenewo, za nkhanza za m'banja sadzazimva.

Ndiye chifukwa chake sindikhutira ndi phunziro limodzi la masana amodzi. Ophunzira amalimbikira zimene zimabwera pamayeso. Ndimafuna kuti pamayeso a m'wodi, wophunzira amene waunika mayi wakunyanja osafunsa za madzi achotseredwe mamalikisi, monga momwe timachitira ndi amene waiwala kuyeza BP.