Masamba a mchezo mu mzinda wa Blantyre

Masamba a mchezo ndi malo a pa intaneti omwe anthu amatumizirana mauthenga, zithunzi, mawu ndi makanema. Mu mzinda wa Blantyre masamba odziwika kwambiri ndi WhatsApp, Facebook ndi TikTok. X, yomwe kale inkatchedwa Twitter, imakondedwa makamaka ndi atolankhani, ophunzira ndi anthu a m'maofesi. Anthu ambiri amalowa pa masambawa kudzera pa foni yam'manja pogula mabandulo a TNM kapena Airtel.

Mbiri

Facebook inayamba mu 2004 ngati tsamba la ophunzira a yunivesite ya Harvard ku America, ndipo inatsegulidwa kwa aliyense mu 2006. WhatsApp inabwera mu 2009, kenako kampani ya Facebook inaigula mu 2014. Ku Blantyre masambawa anayamba ngati zinthu za anthu ochepa: ophunzira a ku Polytechnic ndi College of Medicine, ogwira ntchito m'maofesi a m'tauni ndi ku Limbe, komanso omwe ankalipira kuti akhale pa kompyuta m'ma internet cafe.

Mphamvu yake inaonekera pa zionetsero za pa 20 July 2011, pomwe anthu pafupifupi 20 anaphedwa m'dziko muno. Bungwe la MACRA litaletsa mawailesi kuulutsa zionetserozo pamene zinkachitika, anthu ambiri anatsata nkhani pa Facebook ndi Twitter. M'zaka zotsatira mafoni otsika mtengo anachuluka, ndipo mauthenga a mawu anathandiza ngakhale munthu wovutika kulemba kutenga nawo mbali.

Kufalikira

Lero magulu a WhatsApp alipo a mpingo, a makolo a ana asukulu, a banki m'khonde, a ukwati, a maliro ndi a anthu okhala dera limodzi monga Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni. Ogulitsa kaunjika amaika katundu pa status. Achinyamata ena amadandaula kuti Facebook siinalinso malo awo, poti makolo, abusa ndi mabwana ali pomwepo, n'chifukwa chake ambiri anasamukira ku TikTok. Kumenekonso akuluakulu akuwatsatira.

Kufalikiraku kwabweretsa zabwino zooneka. Mu January 2021 mlembi Onjezani Kenani anatsogolera ntchito yosonkhetsa ndalama pa Facebook zogulira zipatala zida zothandizira odwala Covid-19. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu March 2023, anthu anafufuza abale awo ndi kupempha thandizo kudzera pa masamba omwewa. Nyimbo ya Linny Hoo ya Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu inatchuka kunja kwa dziko kudzera pa TikTok mwini wake ali ndi zaka zoposa 90.

Masamba a mchezo ndi zolankhula zazitali

Blantyre ndi mzinda wozolowera zolankhula zazitali. Nthawi ya chipani chimodzi Dr. Hastings Kamuzu Banda ankalankhula m'Chingerezi pa bwalo la Kamuzu Stadium, womasulira monga John Msonthi n'kumabwereza m'Chichewa, motero uthenga umodzi unkamveka kawiri. Wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo womvera analibe kothawira. Mpaka pano misonkhano ya ndale ku Njamba Freedom Park imayamba ndi mafumu ndi akuluakulu a chipani osiyanasiyana, mlendo wolemekezeka n'kudzalankhula anthu atatopa kale ndi dzuwa. Pa maliro zimachitikanso: akubanja, amfumu, akuntchito ndi andale amalankhula mlaliki asanatsegule Baibulo, ngakhale woyendetsa mwambo apemphe kuti afupikitse.

Masamba a mchezo anasintha kamvedwe ka zolankhula zotere. Nyumba zofalitsa nkhani monga Times, Zodiak ndi MBC zimaonetsa misonkhano pa Facebook pomwe ikuchitika, koma kuonera kanema kwa maola awiri kumadya data yambiri. Choncho anthu ambiri amadikira kakanema ka mphindi imodzi kapena mfundo zolembedwa mwachidule. Chitsanzo chachikulu ndi cha pa 3 February 2020, pomwe oweruza asanu motsogozedwa ndi Healey Potani anawerenga ku Lilongwe chigamulo chothetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019. Chigamulocho chinali cha masamba pafupifupi 500 ndipo kuwerenga kwake kunatenga maola oposa 10. Anthu ankamvera pa wailesi, kwinaku akufunsana m'magulu a WhatsApp tanthauzo la mawu a zamalamulo.

Kufupikitsaku kumapeputsira omvera, koma kuli ndi vuto lake. Amene wadula kanema ndi amene amasankha zoti anthu amve. Nthabwala kapena mawu olakwitsa amayenda msanga kuposa mfundo za bajeti, ndipo chiganizo chochotsedwa pamalo pake chingamveke mosiyana ndi zomwe wolankhula amatanthauza. Nthawi zina kanema wakale amatumizidwanso ngati wa lero. Izi ndi zoopsa kwambiri pa WhatsApp, chifukwa uthenga umachokera kwa m'bale kapena mnzako wa kumpingo amene sumukayikira. Mu 2019 WhatsApp inachepetsa malo otumizirako uthenga wolandira kufika pa asanu nthawi imodzi pofuna kuchepetsa nkhani zabodza.

Malamulo

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu pa intaneti komanso kutumiza mauthenga onyoza. Anthu angapo amangidwapo chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook kapena WhatsApp, ndipo bungwe la atolankhani la MISA Malawi lakhala likudandaula kuti lamuloli limagwiritsidwa ntchito poopseza odzudzula boma. Kuyambira mu 2018 nambala iliyonse ya foni imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake.