Kodi Ndirande ndi ya chipani chiti?

Chisankho chikamayandikira timamva anthu akugawana madera ngati minda. Uyu akuti Ndirande ndi ya chipani chakuti, winayo akuti Kawale anatenga kale anzawo. Umboni wawo ndi khamu la pa msonkhano wa pa bwalo la Nyambadwe kapena la Masintha, mbendera za pa mapolo a magetsi, ndi nsalu zachipani zimene amayi avala pa msika. Komatu mavoti a dera amatengera zinthu ziwiri: mbali imene anthu akukonda, ndi chiwerengero cha amene adzukadi kukaima pa mzere. Chachiwirichi timachiiwala kawirikawiri.

Tiyerekeze kuti pa sukulu ina ku Ndirande panalembetsa anthu 1,000. Mwa iwo, 600 amakonda chipani choyamba, 400 chachiwiri. Tsiku lovota, theka lokha la a chipani choyamba ndilo labwera, ndiye kuti mavoti 300. A chipani chachiwiri abwera anayi pa asanu aliwonse, mavoti 320. Chipani chochepacho chapambana pa sukulupo popanda kukopa munthu ndi mmodzi yemwe. Pa chisankho cha phungu ndi khansala palibe lamulo loti wopambana apose theka la mavoti monga zilili pa mpando wa pulezidenti, choncho mavoti 20 amenewa akhoza kupereka mpando kwa zaka zisanu.

Mbiri yathu ili ndi chitsanzo chooneka bwino. Khoti litathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020 chinagwiritsa ntchito kaundula yemwe uja, wa anthu pafupifupi 6.8 miliyoni. Mu 2019 anavota anthu pafupifupi 74 pa 100 aliwonse, koma mu 2020 anatsika kufika pafupifupi 65. Mayina anali omwewo, koma anthu oposa theka la miliyoni anakhala kunyumba. Zoona, chimene chinasintha kwambiri zotsatira ndi mgwirizano wa Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima. Komabe wofuna kumvetsa chisankho chimenecho sangasiye kufunsa kuti otsala kunyumbawo anali a madera ati.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wa m'dera ngati Ndirande, amene sukulu yovotera ili pafupi, angalephere kuvota? Choyamba ndi lendi. Munthu amavota pamalo pomwe analembetsa, ndipo kalembera amachitika miyezi yambiri chisankho chisanafike. Wa chisankho cha pa 16 September 2025 anayamba chakumapeto kwa 2024. M'miyezi imeneyo banja likhoza kusamuka ku Ndirande kupita ku Bangwe chifukwa landilodi wakweza nyumba. Bungwe la MEC limapereka nthawi yosamutsira dzina, koma wosamuka nthawiyo itatha ayenera kulipira minibasi kuti akavote kumene anachoka. Ena analembetsa kumudzi kwawo, ku Thyolo kapena ku Ntcheu, ndipo pa msonkhano wa m'tauni amakuwa nawo ndithu, koma voti yawo siwerengedwa ku Ndirande.

Chachiwiri ndi ndalama ya tsiku. Kwa wolandira malipiro a pamwezi, tsiku lovota ndi tchuthi. Kwa wakabaza, wogulitsa mandasi kapena woyenda ganyu, maola atatu a pa mzere ndi ndiwo za madzulo. Mu 2025 malo ovotera ankatsekedwa 4 koloko masana, kotero woganiza zoyamba kaye wagulitsa akanatha kupeza atatseka.

Pa za mbali imene dera limakonda, tisamale ndi chizolowezi choweruza potengera chigawo. Mu 1994 mavoti anatsatadi zigawo: Bakili Muluzi kummwera, Kamuzu Banda pakati, Chakufwa Chihana kumpoto. Koma mu 2009 Bingu wa Mutharika anapeza pafupifupi mavoti awiri pa atatu aliwonse, ndipo anavoteredwa kwambiri ngakhale kumpoto. M'tauni zimavutirapo, poti pa mpopi umodzi amatungapo Mlomwe, Myao, Mngoni ndi Mtumbuka, ndipo onse amagula ufa ndi makala pa mtengo umodzi. Khamu la pa msonkhano nalo silitiuza zambiri. Ena amabwera pa malole kuchokera kutali, ena adzaonera oimba, ndipo ana osafika zaka 18 amadzaza kutsogolo.

Ife a pa koleji nkhani ya lendi ija imatikhudza mwanjira yathu. Amene tinalembetsa kunyumba pa tchuthi, chisankho chimatha kutipeza tili m'kalasi kutali, ndipo amene tinalembetsa pafupi ndi sukulu chimatha kutipeza tatsekera. Zotsatira zikamatidwa pa malo ovotera, pepalalo limaonetsa olembetsa ndi ovota, ndipo kusiyana kwa manambala awiriwo nthawi zina kumaposa kusiyana kwa wopambana ndi womutsatira.