Zipolopolo za Malemu Atate

Maliro akatha, ife a ku Kafue timagawana katundu wa malemu: njinga, maukonde ndi zobvala. Koma pansi pa bokosi la atate amene anali mlenje nthawi zina timapeza zipolopolo. Kodi tizisunge?

Lamulo la Mfuti la Zambia la 1969 limaletsa kugula kapena kusunga zipolopolo popanda cilolezo ca mfuti. Ngakhale mwini cilolezo sagula monga afunira, pakuti cilolezoco cimanena kuculuka kwa zipolopolo zimene angakhale nazo. Ndiponso cilolezo si colowa ai. Cinali ca atate okha.

Motero mai wamasiye wozisunga ngati cikumbutso angaimbidwe mlandu, ndipo ana angaziponye pamoto posewera. Abale, tisanagawane katundu, tiyambe tadziwitsa apolisi.