Mfuti Yochedwetsa Msilikali Imene Osonkhanitsa Amaifuna

Anthu akandifunsa chifukwa chake osonkhanitsa zida zakale amalimbirana Reichsrevolver, ndimayamba kuwauza kuti sinali mfuti yabwino kwenikweni. Asilikali a Germany anailandira mu 1879, ndipo mu 1883 kunabwera ina ya mpope wamfupi. Zonse ziwiri zimalowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi za mamilimita 10.6, zoyendera wonga wakuda wa utsi wambiri.

Vuto lake limaonekera pothiramo zipolopolo zina. Msilikali ankatsegula kachitseko ka m'mbali, n'kumatokosa makoko a zipolopolo limodzilimodzi ndi kandodo kapadera, poti mfutiyo inalibe chotulutsira chakechake. Adani ali pafupi, iye ali kalikiliki kutokosa! Nzosadabwitsa kuti mu 1908 anailowetsa m'malo ndi Luger P08, ngakhale kuti asilikali ena anapitabe nayo kunkhondo ya 1914.

Chimene chimakopa osonkhanitsa, mmene ndimaonera ine, ndi zolembedwa pachitsulopo. Pali dzina la wopanga, monga Dreyse wa ku Sömmerda, Schilling ndi Haenel a ku Suhl, kapena fakitale ya boma ya ku Erfurt. Pachogwirira pamakhala zilembo ndi manambala a gulu la asilikali, nthawi zina zokhwatchidwa n'kudindapo zina mfutiyo itasamutsidwira gulu lina. Wogula wochenjera amayang'ananso ngati manambala a zigawo zake akufanana. Ine yopukutidwa mpaka kunyezimira sindiikhulupirira, chifukwa kupala dzimbiri kumafafanizanso zidindozo, mtengo wake n'kugwa.